Mlamba pa Fumbi

Magalasi osambirira ndawanyamula mwachizolowezi.
Ali m'chikwama, pansi pa nthochi ziwiri,
ngati kiyi wa nyumba imene unasamukamo kale.
Damu la Chitete ndalidutsa kudakali mbandakucha,
lili duu, bakha mmodzi akulemba mzere pamwamba pake.
Sindinaime. Lero kulibe madzi.

Atandiuza kuti uthamanga, upalasa, uthamanganso,
ndinaseka, ndinati mwandipeputsira katundu.
Pakamwa sipatuluka matuza.

Kumipikisano yanga ndimavuuka m'madzi ndili patsogolo,
ndikudontha, anzanga akumwerabe kumbuyo,
mphindi zinayi zili m'thumba ngati chenje.
Ndimazidya pang'onopang'ono pa njinga,
yotsala ndimakagulira mpweya kumapeto.
Lero ndafika pamsika wopanda khobidi.

Kherere walira.
Palibe kuzizira kondidzutsa, palibe chigongono cha mnzanga m'nthiti,
fumbi lokha la Okutobala, lofiira, likulowa m'mano.
Ndathamanga ngati wathawa ngongole,
makilomita asanu oyamba ndawameza osatafuna,
phiri la Kasungu likundiyang'ana chammbali
monga munthu amene akudziwa zomwe zikubwera
koma wasankha kusalankhula.

Posinthira, dzanja lakwera lokha kumutu
kukavula chipewa cha labala chomwe kulibe.
Mapazi ouma, nsapato zomanga mfundo ziwiri,
ndagwada ndikulimbana ndi chingwe
ngati mwana wa sitandade wani.

Pa njinga ndimati ndipumirako.
Ntchafu zati ayi, ife tagwira kale ganyu,
amene amayamba ntchito masiku onse ndi mapewa,
kawafunseni iwo.
Mapewa ali phee, anenepa ndi ulesi,
angokwera ulele mpaka pokhotera.

Cha ku Gogode, mphepo ikuchokera kutsogolo,
wandipitirira Bizaliyele wa kabaza wa pa depoti,
njinga yake ya giya imodzi, khushoni sanachotse n'komwe.
Waliza belu kawiri, ngrii ngrii,
wati, “Akulu, tikunyamuleni?”
Ndinafuna kuyankha. Mawu anali atauma.

Kenaka kutsika, kuthamanganso.
Miyendo iyi ndaibwereka kwa yani?
Mitengo ya chigafa, yodyedwa ndi chiswe,
wina waimangirira m'chiuno mwanga ndi luzi.
Kuthamanga nditatsika njinga ndimakudziwa,
koma uku n'kubwerera kumunda womwe wakolola m'mawa
kukafuna chotsala.
Katumba wakumanzere wagwira mfundo pafupi ndi chigayo.
Ndayenda. Inde, ndayenda,
masitepe makumi anayi, ndinawawerenga,
amayi ogulitsa mandasi akuyang'ana kumbali mwaulemu.

Kamtsikana kena kali ndi ndowa ndi kapu yobiriwira,
kati, “Mumwa kapena ndikuthireni?”
Ndati thira.
Madzi atsika m'khosi, m'msana, alowa m'makutu,
dziko lazimirira kamphindi monga limachitira ukamira,
phokoso lonse lapita kutali,
ndamva mtima wanga wokha, gu, gu,
ndipo mikono yayamba kukumba mpweya,
kupuma kumanja, kupuma kumanzere,
katatu katatu, monga ndinaphunzirira.
Kilomita yomaliza ndaisambira pouma.

Nambala naintini pa anthu sate wani.
A Nyirongo olemba nthawi afunsa dzina langa kawiri.
Kuno palibe amene akudziwa
kuti ndinawolokapo damu lonse osagwira bango.

Bizaliyele ali pansi pa mtengo wa mango, nsapato wavula,
akudya chinangwa, mendulo ili pa hendulo.
Ndamufunsa ngati amatha kusambira.
Waseka mpaka kutsamwa:
“Ine madzi ofika m'mawondo ndimaitana abale.”
Tagwirizana Loweruka.
M'mawa andithamangitsa mpaka kumsewu wa ku Mtunthama,
masana ndikamugwira pamimba m'mphepete mwa damu
mpaka aleke kukuwa.

Nthochi imodzi ndamupatsa.
Inayo yaphwanyikira pa magalasi.