Waya wa M'mutu

Zaka makumi anayi bambo anga, a Mtalika,
anakhala pa khonde la sitolo kuseri kwa depoti ya Salima,
kachitsulo kowotcherera kali pa makala,
akung'amba mimba za mawailesi
a ku Khombedza, a ku Chipoka, a ku Thavite obwera pa kabaza.
Wailesi ikamangolira mphepo
ankaiika pakhutu n'kunena kuti,
"Iyi sinafe, kawaya kamodzi kathawa pamalo."

Lero dzanja lawo lamanja silimva kuitana.
Limawerenga lokha ndalama zosaoneka.
Tiyi amafika pakamwa theka,
theka lina wamwa ndi malaya.
Kumanga batani ndi ulendo wa m'mawa wonse.

Mlongo wanga Esinala watumiza kanema kuchokera ku Joni:
nkhalamba yachilendo, dzanja likuvina ngati la bambo,
dokotala akudina kanthu,
dzanja lija zii.
Akuti anaboola chigaza,
analowetsa waya woonda ngati ulusi mpaka mkati mwa ubongo,
batire n'kulikwirira pansi pa khungu la pachifuwa.
Akuti kumeneko imvi zachuluka kuposa makanda
ndipo mzere wa ofuna wayayu
ukutalika ngati wa mafuta pa nthawi ya kusowa.

Bambo anaonera katatu.
Mtengo sanafunse.
Anati, "Batire lakelo likatha amasintha bwanji?
Nanga wolumikizayo,
dzanja lake iye silinjenjemera?"

Mtengo ndinafunsa ndine.
Esinala analemba nambala, maziro ndinawerenga kawiri.
Ndinaika pamodzi munda wa mpunga wa ku Lifuwu,
njinga yamoto, malata a nyumba, mbuzi zisanu ndi ziwiri,
zonse zinathera pa khomo la ndege.

Lachinayi kuchipatala cha boma benchi linadzaza.
Mitu yoyera ndinawerenga khumi ndi isanu ndi umodzi.
Mayi wina ankafunsa mwana wake womubweretsa,
"Kodi inu achimwene, kwanu n'kuti?"
Namwino anati chapansipansi, akulemba,
"Tinalimbana ndi malungo kuti anthu akalambe,
ukalamba wafika, tilibe poukhazika.
Mapiritsi aja atha. Mudzayesere mwezi wamawa."

Pobwerera bambo sanayankhule mpaka pa njanji.
Kenaka anaseka okha.
"Moyo wanga wonse kukonza mawaya a eni,
wanga wathawira pomwe sikuludiraiva safika."

Usiku womwewo magetsi anazima.
Anandituma wailesi yakale ya pansi pa bedi,
ija inasiya kuyankhula chaka chimene mayi anatisiya.
Tochi ndinaluma ndi mano.
"Tsegula kumbuyo. Usakakamize.
Kofiirako ayi, kapafupi nako.
Pala pang'ono. Gwira. Usapume."
Dzanja lawo linali pa phewa langa
likugogoda, likugogoda,
ngati uthenga wochokera kutali
umene ine ndekha ndikanatha kuumva.
Mtovu unasungunuka, fungo lija la ubwana wanga.

Poyamba mphepo.
Kenaka mawu a munthu, akulengeza mitengo ya fodya.

Bambo anatsamira khoma.
"Waona? Sinafe."
Sindinafunse ngati akunena wailesi.
Zala zanga zinali zikadali m'mimba mwake,
zosagwedezeka,
za zaka makumi atatu ndi zinayi,
ndipo kwa nthawi yoyamba
ndinaziyang'ana ngati katundu wobwereka.