Kalaliki wa Kaphwiti

Ndivomere, kalaliki wake ndinali ine.
Dzanja lomwe linalemba malisiti aja ndi ili,
likunjenjemerali.

Amidu Kaphwiti anatsika sitima pa Salima
chaka chimene thonje linagulidwa bwino,
jekete loyera, wotchi ya tcheni pamimba.
Sinkayenda wotchiyo, ndinaiona ndekha,
koma ankaitsegula anthu akamuyang'ana,
n'kupukusa mutu ngati wachedwa kwinakwake.

Anati: Njanji yagwada pano ngati ng'ombe yapangolo,
tiyeni tiidzutse ikafike ku Linga.
Gawo limodzi masheleni khumi.
Inu muzigona, ndalama zizikuswerani ngati mbira.

Anabwera nazo.
Alimi a ku Khombedza atamanga pamfundo ya mpango,
Nasiketi atagulitsa makina ake osokera,
mphunzitsi Mbalule ndi malipiro a miyezi itatu,
mkulu wampingo amene ankatitukwana masana
anatuma mwana usiku.
Ine ndinkangodinda. Pha! Pha!
Chidindocho tinasema pachidendene cha nsapato.

Tinakhoma zikhomo zopaka laimu
kuyambira kuseri kwa siteshoni mpaka ku Benga.
Ana ankathamanga pakati pake akulira ngati sitima,
akulu ankakangana za pomwe adzamange golosale.
Oyamba kugula tinawapatsa phindu
lochokera m'thumba la obwera mochedwa,
iwo n'kuthamanga kukaitana alamu awo.

Mvula inadza kawiri.
Chiswe chinadya zikhomo mwakachetechete,
monga momwe ifenso tinkadyera.
Tsiku lina Mbalule anafunsa pagulu:
Kodi chitsulo chake chili kuti?
Kaphwiti anatsegula wotchi, nati: Chili panjira, ku Beira,
ndikachilondole ndekha.
Anakwera ya Lachinayi ndi bokosi lonse.
Miyala ya anthu inatsalira ine,
chipsera chake ndi ichi pamwamba pa diso.

Anabwerako patapita zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
mano atatha, jekete lasanduka chigamba chokhachokha.
Ankagulitsa nzimbe pawindo la sitima,
ndipo amene anawabera ankamugula,
ena mwachifundo, ena kuti amuone akuwerenga makobidi.
Nasiketi sanalankhule naye mpaka kumanda.

Usiku umene ankatsirizika anandiitana,
nandigwira mkono, nati:
Mlatho wa pa Chia udzavuta, koma tidzaoloka.
Ndinayang'ana m'maso mwake kufuna bodza lija,
sindinalipeze.

Wotchi anasiyira ine. Ikadali pa folo koloko.
Ndipo pansi pa sutikesi, mukafuna kuona,
pali malisiti awiri a dzina langa,
olembedwa ndi dzanja langa,
odindidwa ndi nsapato yomwe ndinasema ndekha.
Ndinalipira masheleni makumi awiri athunthu.
Musandifunse.
Munthu uja akamanena za Linga,
ndinkamva utsi wa malasha m'mphuno.