Chitini cha Mabisiketi

Denga litadontha m'chipinda cha amayi ku Chinamwali
tidasuntha kabati, ndipo kuseri kwake
tidapeza chitini cha mabisiketi, chadzimbiri,
chomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga.
M'katimo, zithunzi khumi ndi chimodzi.
Ziwiri zidamatana nkhope ndi nkhope.

Choyamba: mwamuna woonda, kolala youma,
waima pakhomo pa kashopu, randa m'manja.
Lau Fuk-sang.
Lilime la pa Zomba lidakana dzinali,
anthu adangoti Afukusani, kalipentala uja
adatsika sitima ku Chinde ndi bokosi la zida
n'kumangokwera mtunda mpaka phiri litamuimitsa.
Sakumwetulira. Amayi akuti ankaopa
kuti akaseka, kwawo adzadziwa kuti sabwerera.

China: Abiti Saizi pampando umene iye adawapangira,
mpando wopanda msomali ngakhale umodzi.
Dzanja lake lili pamwamba pa phewa lawo, losakhudza,
ngati la munthu woyesa kutentha kwa nsimbi.
Ankakangana m'zinenero zitatu
n'kugwirizana pa mpunga wa ku Chilwa,
iye ndi timitengo tiwiri tansungwi,
iwo ndi dzanja, akumuseka.

Kamtsikana aka ka diresi losapitirira maondo
ndi Mei-lan, amene mpingo udamubatiza Melani.
Kalaliki wa boma adaluma cholembera:
Mzungu ayi, Mmwenye ayi, wakuno ayi ndithu.
Adasiya mpata papepala.
Melani adakhala mumpatamo zaka makumi asanu ndi atatu,
akusoka mayunifolomu pakhonde ku Matawale,
akuwerenga masitichi ndi mawu a atate ake,
yat, yi, sam,
chifukwa ndi okhawo adamutsalira.

Cha maliro chidaonongeka ndi chinyezi.
Mukuoneka miyendo ya anthu, fosholo,
ndi utsi wa mapepala amene Melani adatentha pamanda
akulu a mpingo atatembenuka.

Koma ichi, cha khanda pa mphasa,
kumbuyo kwake kuli zilembo zonga mapazi a nkhuku m'matope.
Ndidapita nacho m'tauni, kwa Mtchaina wa dzulodzuloli
wogulitsa mapulasitiki ndi matochi.
Adandiyang'ana, n'kuyang'ana chithunzi, n'kundiyang'ananso.
Adatsitsa wailesi.
Adawerenga pang'onopang'ono, akuti zilembo n'zachikale:
Mayi, ndili bwino.
Kuno kuli phiri lovala nkhungu ngati lakwathu.
Mwana wamera mano awiri.
Ndalama ndidzatumiza mvula ikatha.

Sitampu palibe.
Mvula yatha kangati pa Zomba kuyambira pamenepo?

Wogulitsayo adakana kuti ndilipire tochi.
Sindidadziwe chomutchula, mlendo kapena malume,
ndidangowomba m'manja n'kutuluka.

Mwana wanga Tiyezge amabwera kusukulu akulira
anzake akamuitana kuti Tchaina, Tchaina,
chifukwa cha ngodya za maso ake.
Dzulo ndidamukhazika pampando uja.
Sugwedera mpaka lero.
Ndidati fufuza msomali. Adafufuza mpaka kudada.

Ziwiri zomatana zija ndidayesa ndi nthunzi ya ketulo,
ndidayesa ndi lezala, ngodya idang'ambika,
mudaoneka khutu la munthu ndi tsamba la mkungudza.
Amayi adandigwira dzanja.
Asiye, adatero,
akhala akuyang'anana nthawi yonseyi,
iwe ukufuna uwauze chiyani?