Phewa la Kumanzere

Magetsi anapita dzuwa lili pamutu.
Mu Mchini muno amene ali pantchito ndi agalu,
agalu ndi ine.

Wayamwa, Tionenji.
Amayi ako agwa ngati thumba la makala
asanakoke n'komwe bulangete,
bere limodzi likadali panja.
Tsopano ndiwe katundu wanga:
makilo anayi ndi theka,
malinga ndi kadi ya kusikelo.

Masana ndimanyamula anthu panjinga.
Azimayi a madengu a tomato opita pa Kapata,
mphunzitsi wonenepa uja amene amalipira mawa,
tsiku lina mbuzi ndi mwini wake yemwe.
Koma palibe anandilemerapo ngati iwe
nthawi ya ziro thuu.

Anesi a Nyirongo anajambula kumbuyo kwa envulopu.
Anati pakhomo la kamimba kako
pali kachitseko kosaphunzira kutseka.
Anati ayamwe pang'ono pang'ono, kawirikawiri;
akatha muimike pachifuwa mphindi makumi awiri;
pogona, chagada, popanda pilo.
Nanga phala? ndinafunsa,
poti a Zgambo oyandikana nafe akuti phala ndi mwala,
likatsika silibwerera.
Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.
Sindinafunsenso.

Foni yafa, wotchi tilibe.
Mphindi makumi awiri ndiziwerenga ndi miyendo:
ndikupalasa m'mutu mwanga,
kutsika kamsewu kathu ka maenje,
kuzemba ngalande ya pa chigayo,
kuwoloka Lunkhwakwa,
iwe uli pakaliyala, kachibwano paphewa,
dzanja langa likusisita kamsana
kochepa kuposa chikhatho.

Geya, mwana wanga.
Geya, usachite manyazi,
muno mulibe apongozi.

Ukudzipinda ngati uta,
nkhope yofiira, timiyendo tikukankha mphepo.
Chidikwidikwi chabwera.
Azakhali ako akadakhala pano
bwenzi atakumata kaulusi pachipumi.
Dzana ndinakumata ndekha, mobisa.
Kanagwera m'khutu mwanga.

Ndafika pokwera tsopano, phiri la Kanjala lili kutsogolo,
mpweya wako ukufunda m'khosi mwanga.
Ndiye gwee!
ngati mdala wotuluka mu shabini.
Ndikuseka mosatulutsa mawu,
kenaka ndikumva kofunda kuja
kakutsetsereka ndi msana mpaka m'lamba.

Malaya anga onse atatu
ali ndi mapu paphewa la kumanzere.
Sopo wayesetsa, wagonja.
Lachiwiri ndinanyamula mayi wina wa ku Navutika,
wosayankhula, chikwama pamiyendo.
Tili pakati pa ulendo ndinamva akununkhiza.
Ndinati lero ndataya kasitomala.
Iwo anangoti: Ali ndi miyezi ingati?
Iwiri, amayi.
Wanga anasiya atayamba kukhala, anatero.
Potsika anawonjezera thuu kwacha
osatchula kuti ndi ya chiyani.

Mkaka umene wabweza ndimauwona ngati chidebe.
Amayi ako akuti ndi supuni chabe,
akuti taona matewera pachingwe,
mwana wosakhuta sanyowetsa chonchi.
Komabe Lachisanu, atakupachika pasikelo,
ndinaleka kupuma
mpaka cholembera chinakweza mzera
kadontho kamodzi m'mwamba.

Tafika. Mutu wako walemera,
kamwa lili yasa, nkhonya zamasuka.
Pano ndiye pali ntchito:
kukutsitsa ngati dzira la eni ake,
matako kaye, msana, kenaka mutu,
dzanja kulisolola chala chimodzi chimodzi,
bondo langa lisalire,
bedi lisalire.

Wagona.

Ndikuvula malaya mumdima.
Tcheni cha njinga chikufuna mafuta,
lendi ikufuna Loweruka.
Kutali, ku Dauni Shopu, mzikiti wayamba kuitana.
Ndikuika mutu pansi pang'ono pang'ono,
ine ndemwe ngati dzira.

Ndiye timaso tiwiri, phethi,
kakamwa kakusakasaka m'mphepo.

Amake Tionenji, dzukani.
Kasitomala wabweranso.