Usiku wa Nyemba Zakuda

Usiku wa Lemuriya, Roma yense ali zii.
Bambo adzuka osavala nsapato,
asamba m'manja katatu,
nyemba zakuda zili m'kamwa.
Akuziponya kumbuyo, osacheuka:
"Ndi izi ndadziwombola, ine ndi a m'nyumba mwanga."
Kasanu ndi kanayi.

Ine ndabisala kuseri kwa mtsuko wa mafuta,
ndikuwerenga zikamagwa pamiyala, go, go.
Akuti mizimu imatola.
Koma amayi, Petroniya, sankadya nyemba,
zinkawatupitsa m'mimba.

Bambo aomba mbale yamkuwa, ngwee!
"Mizimu ya makolo, tulukani!"
Acheuka. Palibe munthu. Apumira m'mwamba.

Sakudziwa kuti ndasiya nkhuyu ziwiri zouma
pakaguwa ka milungu ya pakhomo,
ndipo chitseko chakuseri
sindinapiringidze.