Malaya a Bambo Kalisto

Mayi Deolinda anabwera Lachitatu,
tsiku limene magetsi a pa Ulongwe sanachite ulesi,
foni atayimanga pansonga ya kapulana ngati ndalama ya chigayo.
"Chithunzi ichi chikule.
Loweruka tikumanga chiliza, chikakhale pamtanda."

Ndinalumikiza chingwe.
Bambo Kalisto anatulukira pa kompyuta yanga
ataima pakati pa matumba a kachewere,
dzanja m'chiuno, akuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

"Iyayi," anatero mayiwo. "Si malaya awo amenewo."

Pa foni yawo malayawo anali ofiira psuu,
tomato wa ku Domwe wotsala pang'ono kung'aluka.
Pa galasi langa anali njerwa
yogonera mvula zaka zitatu.

Ndinawauza zimene ndimauza aliyense:
foni imathira tsabola m'mitundu kuti maso akopeke,
pomwe kompyutayi ndinaigula pa Zobwe
kwa munthu amene sanandiuze zaka zake.
Chithunzi ndi manambala okhaokha, mayi,
galasi lililonse limawawerenga ndi lilime lake,
monga ife ndi a ku Dedza timapindira mawu amodzi mosiyana.

"Manambala anavalapo malaya?"

Tinaimbira Jerevaziyo ku Moatize, mwana amene anajambula.
Anatsegula pa makina a ku ofesi ya mgodi,
tikumva magalimoto akubangula kumbuyo kwake.
"Kuno akuoneka ngati papaya, amayi.
Dikirani ndipukute, mwina ndi fumbi la malasha."
Anapukuta. Anakhalabe papaya.

Malaya atatu tsopano,
a munthu amene moyo wake wonse anali ndi abwino amodzi.

"Nanga enieniwo ali kuti, tiyerekeze?"
Funso linatuluka ndisanaligwire.
Anandiyang'ana.
"Anapita nawo."

Fani ya padenga inazungulira kangapo.

Ndinawasunthira mpando, ndi kuika dzanja lawo pa mausi,
dzanja lokhakhala, la ming'alu ya dothi la m'dimba.
Mukakokera kuno, kufiira kukuwonjezeka.
Mukabwezera uku, kukuzilala.

Anakokera kumanja mwamphamvu ngati akupalira.
Nthaka inasanduka magazi,
nkhope ya bambo inayaka ngati ya wodwala malungo.
Anabwezera kumanzere mpaka kumapeto:
munda phulusa, thambo phulusa,
Bambo Kalisto mbuu,
ngati anamwalira asanajambulidwe.
Dzanja analichotsa msanga, ngati lakhudza mbaula.

Kenako anayambanso, pang'onopang'ono,
mmene munthu amathirira mchere m'ndiwo za mlendo.
Mnyamata wofuna zithunzi za chiphaso anatopa, anapita.
Panja wina amakuwa za shapa yopita ku Tete.
Iwo osatembenuka.

"Apa."

Sikunali kufiira kwa foni,
kapena kwa njerwa yanga, kapena papaya wa ku Moatize.
"Umu ndi mmene analili nditawachapa kachinayi,
nditawayanika pa mpanda wa nandolo,
iwo akundikalipira kuti sopo wanga akudya mtundu."

Ndinatumiza ku printa.
Nayo ili ndi maganizo ake, ndi inki ya mwezi watha:
inalavula kufiira kwina,
kopendekera pang'ono ku mtundu wa nthudza.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese.

Iwo anapita nacho pakhomo, pa dzuwa,
anachiyang'ana nthawi yoti tiyi n'kuzizira.
"Chisiyeni. Dzuwa la kumanda lidzachichapanso lokha."
Anamasula mfundo ina ya kapulana,
anawerenga mametikali patebulo, osapempha kuchotsera.

Madzulo, potseka,
ndinapeza kachizindikiro kali pomwe anakasiya,
pa khumi ndi zinayi.
Ndinalemba nambalayo ndi pensulo pakhoma,
pansi pa mitengo ya fotokope,
ngakhale ndikudziwa
kuti pa galasi lina lililonse
idzakhala malaya a munthu wina.