Chingwe cha Mfundo Ziwiri

Loweruka la malipiro ku Crown Mines.
Chinyumba chopanda zenera, denga ngati shedi ya fodya,
mashelefu atalika mpaka khosi kuwawa.
Sopo m'mabelo, mafuta m'zigubu zomanga zinayizinayi,
zikwangwani zofiira zikukuwa zopanda pakamwa:
tenga zitatu, lipira ziwiri!
Wofuna chimodzi alibe chikwangwani chake.

Kangolo kanga kali ndi tayala lamwano,
kakundikokera kumene kuli mawayilesi.
Ndakakaniza. Ine ndadzera nsapato.

M'thumba mwanga muli chingwe
chosomola ku thumba la feteleza,
mfundo uku, mfundo uko.
Anabwera nacho Bwanali wa basi mu Malichi.
Pakati pa mfundozo pali phazi la Ulemu,
sitandade sikisi, ku Mponela,
ola lathunthu wapansi kuti akamve belu.

Nazi, zagundana mapewa pa shelefu imodzi,
zonse zakuda, zonse zalamba, zonse zikuphethira magetsi.
Iyi marandi 149.
Iyi 499.

Ine ndimasoka nsapato pa kona ku Jeppe,
chaka chachinayi chino,
mundinamize pa zina.
Ndapinda yotchipayo, yandisekerera,
guluu wayera m'mbali ngati mano a wokongola ndalama.
Ndanunkhiza: pulasitiki wovala suti.
Mkuyu uwu nyerere zake ndaziona ndisanaung'ambe.
Mvula ya Januwale ikaipatsa moni kawiri
idzayasama pamaso pa aphunzitsi.

Yodulayo ndi chikopa.
Ulusi wake ukulowadi n'kutulukadi.
Ndaikanda ndi chikhadabo, sinadandaule.
Mlonda wa chibonga akundiyang'ana,
sanaonepo munthu akununkhiza nsapato ngati fodya wamphuno.
Iyi ingathe zaka zitatu.

Mayi wa duku lobiriwira waima pambali panga,
foni m'manja, akuwonkhetsa, akuchotsera.
Wandiuza m'Chizulu chimene ndimamva theka
kuti wosauka amagula kawiri.
Ndavomera ndi mutu.
Iye watenga yotchipa, wapita.

Zaka zitatu za ndani?
Phazi la mwana silidikira chikopa.
Chingwechi ndi cha Malichi, uno ndi Novembala,
ndipo phazilo ndinalisiya likukwana m'dzanja langa.
Mwina ladutsa kale mfundo.
Ndikugulira mwana wa miyezi isanu ndi itatu yapitayo,
amene kulibenso.

Pakati pa mitengo iwiriyi pali marandi 350.
M'menemo muli makope, muli yunifolomu,
muli sikelo ya Bwanali yosadziwa chibale,
muli lendi ya kuseri kwa katani
kumene ndimagona nditapinda miyendo.
Ndaika yodula m'kangolo.
Ndayenda mpaka pa mpunga.
Ndabwerera.

Pa tilu mtsikana sanandiyang'ane.
Makina alira kamodzi, tii,
ngati mwanapiye wopondedwa.
Yotchipa, yokulirapo ndi nambala imodzi.

Tsopano ndi usiku.
Asidi akuliza mkonono kuseri kwa katani,
kunja matekisi atopa kutukwanana.
Ndakoleza kandulo, magetsi apita kwawo.
Ndapaka phula ulusi wanga wa nayiloni,
uja ndimasungira makasitomala osanenerera,
ndipo ndikuboola, ndikukoka, ndikuboola,
kuzungulira mlomo wonse wa nsapato
kuti isadzayankhule pagulu.
Ku chidendene ndakhoma kachidutswa ka tayala
lomwe linayendapo kale misewu ya Joni,
likayendeko ya kwathu.
Singano yandilasa chala chachikulu.
Kadontho kalowa m'kati, sikaoneka, nsapato ndi yakuda.

Usiku uno palibe anaulembera mtengo.

Ndagoneka chingwe m'kati mwa ya kumanja,
mfundo ku chidendene, mfundo kutsogolo.
Patsala malo okwana chala changa chimodzi.
Ndawasiya choncho.
Akule.